A Ngadimin ndi Mawu a M'khutu

A Ngadimin apalasa becak, njinga ya matayala atatu yonyamula anthu, kwa zaka makumi atatu mu mzinda uno wa Yogyakarta, ndipo ine, wopalasa mnzawo, ndimaima nawo pamalo amodzi. Chingerezi chawo chinali timawu titatu tokopera azungu basi, ndipo analibe nazo ntchito.

Zinasintha pa Idi ya chaka chatha. Mwana wawo Wartini, amene anakwatiwa ku Australia, anabwera ndi mwana wake wamkazi, Laras. Pa tsikuli ana amagwada n'kutsamira pamaondo a akulu kupepesa zolakwa, mkuluyo n'kuwanong'oneza madalitso m'khutu. Laras atagwada, a Ngadimin ananong'ona zonse za kumtima kwawo m'Chijava, chinenero chathu. Mwanayo, wongodziwa Chingerezi, anangocheukira kwa mayi ake kufunsa zomwe agogo anena. Mawu a m'khutu mpaka kudutsa pa womasulira! Mkuluyo anamwetulira monga timachitira manyazi akatigwira, koma zinamupweteka kwambiri.

Kuyambira pomwepo mzungu aliyense wokwera njinga yawo anasanduka mphunzitsi, afune asafune. Ubwino wa becak ndi woti wopalasa amakhala kumbuyo, ndiye umalankhula ndi nkhongo ya munthu, manyazi osakupeza. Ankafunsa, kulakwitsa, kusekedwa, kufunsanso. Ife tinkawaseka koopsa.

"Achimwene, mano anatha kalekale," ndinatero tsiku lina, "Chingerezicho chizitulukira pati?"

"Pomwe pamatulukira mabodza akowo," anandiyankha. "Sendera uko, ukundithawitsira aphunzitsi."

Ngakhale mwezi wosala kudya, kukhosi kuli gwa, ankabwereza ziganizo zisanu ndi chimodzi zimene anakonzera mdzukulu wawo, uku akukwera chitunda thukuta lili kamukamu.

Idi ya chaka chino ndinali pomwepo, poti ndife oyandikana nyumba. Laras atagwada, ziganizo ziwiri zinatuluka bwinobwino, zinazo zinathawa. Wartini anasendera kuti athandize.

"Khala komweko, iwe," anatero a Ngadimin, dzanja lili m'mwamba.

Anawerama n'kuyambiranso, osati zoloweza zija, koma Chingerezi chawochawo cha pamsewu, chodukaduka. Zinatenga nthawi, chakudya n'kuzizira patebulo. Kenako Laras anawakoka khutu n'kunong'ona zake. Iwo anamuyankha, onse awiri n'kuseka, misozi ili mbwembwembwe. Kunena zoona, ndinachita manyazi ndi kuseka kwanga konse kuja.

M'mawa mwake ndinawafunsa zomwe mwanayo ananena.

"Mnzanga," anatero akupukuta chishalo, "zimenezo ndi za ine ndi mdzukulu wanga."