Njinga imene a Yusufu analibe

Ndikukumbukira ndili Sitandade 5, kwathu ku Kanyenda. Kuseri kwa nyumba yathu kunkakhala a Yusufu, bambo wofatsa wosoka maukonde, amene anachokera ku Ngala kudzakhala pachikamwini. Kawirikawiri ankadzuka nkhope itatupa. Wina akafunsa, ankangoti, "Ndagwa pa njinga." Mudzi wonse unkadziwa kuti njinga alibe, ndiponso kuti wowamenya ndi akazi awo.

Anafe tinapeka kanyimbo ka njingayo. Ine pokhala wamanyazi sindinkaimba mokweza, koma ndinakalemba m'kope langa la zochitika za tsiku ndi tsiku, n'kujambulamo ndi njinga yomwe.

Loweruka lina mayi anandiitana kuti ndigwire beseni la madzi ofunda. A Yusufu anali atakhala pakhonde pathu, atavula malaya. Msana wonse unali matuza okhaokha. Anali atathiridwa phala lamoto.

"Achimwene, pitani kwa ankhoswe," anatero mayi.

"Walahi ndinapita, achemwali. Anati, 'Ndevu zonsezi mkazi n'kukumenya? Kapena anakudyetsa khuzumule?' Anaseka mpaka misozi."

"Nanga kupolisi?"

"Ndikalowe ndikati chiyani? Anzanga a kudoko akamva, ndidzayenda pati?"

Kenaka anatembenukira kwa ine. "Iwe Tamanda, ndimamva kuti umakonda kulemba. Izi zokha usalembe, mwanangu."

Ndinangoyang'ana m'beseni muja. Ndinakumbukira kuti chaka chomwecho, mayi aang'ono atamenyedwa ndi amuna awo, amayi a m'mudzi anathamangirako akukuwa, amalume n'kuitanitsa mlandu tsiku lomwelo. Palibe mwana anapeka nyimbo.

Mvula isanagwe, a Yusufu ananyamula kachikwama n'kubwerera kwawo. Ana awo awiri anatsala, poti kwathu ana ndi a kuchikazi. Wamng'onoyo anatha masiku ambiri akukhala m'mbali mwa msewu, kusuzumira minibasi iliyonse yochokera mbali ya ku Ngala.

Pano ndili Fomu 4. Dzina lawo ndasintha, koma nkhaniyi ndalemba ndithu, andikhululukire. Ndazindikira kuti chinawalekanitsa ndi ana awo si phala lija lokha. Mabala ankapirira. Chimene chinawakanika n'chakuti m'mudzi monse muja anapezamo munthu mmodzi yekha womva zoona zawo popanda kuseka. Ndikanakonda munthuyo akanakhala ine, koma ine ndinali m'gulu la osekawo.