Geti lopanda mpanda

Kwa Chinsapo, kuseri kwa chigayo, kuli kanyumba ka zidina kopanda mpanda, koma patsogolo pake paima geti lachitsulo lalitali kuposa denga. Mwini wake ndi a Levison, mmisiri wowotcherera zitsulo. Ndidawadziwa ndevu zikadali zanthete, atangofika kuchokera ku Thyolo ndi kachikwama kamodzi.

Ntchito ankagwirira ku Biwi. Masiku amene mabwana ankapikisana kumanga nyumba zosanja ku Area 43, dzina la a Levison linkayenda lokha. Koma moto wowotcherera umadya maso pang'onopang'ono. Akaweruka, akazi awo a Pauline ankawaika kansalu konyowa pazikope. A Pauline atatisiya, kansaluko kadauma pamsomali. Mwana wawo mmodzi yekhayo ali ku Joni, ndipo amaimba foni pa Khirisimasi.

Geti lomalizali adaitanitsa ndi bwana wina, la mikondo pamwamba ndi mikango iwiri yoyang'anizana. Apa n'kuti kuchipatala atawauza kale kuti maso atsala pang'ono. A Levison adathirapo luso lawo lonse. Ankafuna chinthu chimodzi chokha: kuliona litaima pansanamira zake, likutseguka, maso asanazime.

Kenaka kwacha idagwa. Simenti idakwera, nyumba ya bwanayo idaima m'mawindo, udzu n'kumera pabalaza.

"Madala, ine ndalephera," adatero bwanayo. "Ngakhale zomalizidwa kale zikusowa ogula. Muone chochita nalo getilo."

A Levison adayenda wapansi, mpanda ndi mpanda, kufunsa wofuna geti. Alonda ankayankhira pakabowo kuti bwana kulibe, nyumba ikugulitsidwa. Ena ankati chaka chamawa zinthu zisintha, ena ankangopukusa mutu. Koma maso sadikira chaka chamawa.

"Lidulenitu ili tipange mbaula," adawauza anzawo ku Biwi. "Anthu akufuna pophikira, madala, osati mikango."

A Levison adanyamuladi makina odulira, nawayandikiza pakhosi pa mkango. Kenaka adawaika pansi.

Sabata yomweyo getilo lidafika kwa Chinsapo pa lole ya mchenga. Adakumba okha maenje awiri, naimika nsanamira. Khamu lidasonkhana.

"A Levison, mukutsekera mphepo kodi?"

"Akuopa kuti tiwabera mbewa!"

A Levison adabwerera chafutambuyo mpaka kutsidya kwa msewu, nafinya maso, naima pamenepo nthawi yaitali. Mikango adaiona, ngakhale inali ngati ili mu utsi.

Maso adazima mvula yotsatira. Tsopano getilo amalidziwa ndi zala. M'mawa amalipukuta, nathira mafuta m'mahinjesi, kenaka n'kukhala pakhonde. Ana, nkhuku ndi ogulitsa makala amangolambalala cham'mbali, poti mpanda palibe, ndipo ambiri salonjera n'komwe.

Mayi Zulaikha okha, oyandikana nawo amene amagulitsa mandasi, ndiwo salambalala. Lachisanu lililonse amaima panja, natola kamwala, n'kugogoda pachitsulo.

"Odi kuno kwa mabwana!"

A Levison amadzuka, nakonza kolala ya malaya, n'kuyenda mofufuza ndi phazi.

"Ndani?"

"Ndani winanso, Abambo? Tsegulani, mandasi akuzizira."

Geti limatseguka mwakachetechete, osalira ngakhale pang'ono. Mayiwo akapita, iwo amalitseka bwinobwino, n'kuyamba kudikira Lachisanu lina.