Ng'ona Imene Inakana Kufa pa Nsanja

Mfuti ija ndinakhala nayo nyumba imodzi zaka zisanu ndi zinayi osaigwirako. Inali gogodela, ija yothira wonga kukamwa n'kutsendera ndi kachitsulo. Amuna anga anasiyiridwa ndi bambo awo, ndipo chaka chilichonse ankapalasa njinga kuchoka ku Kaporo mpaka ku boma kukadula laisensi, khadi ya chipani ili m'thumba la malaya, poti masiku amenewo wopanda khadi ngakhale mumsika samalowa.

Ine kwathu ndi ku Ngara, ndinakulira pa maukonde. Ndiye nditangokwatiwa apongozi aakazi anandikhazika pansi. Anati mfutiyo inatemeredwa mankhwala, mkazi saikhudza, saidumpha, ikagona pansi uzizungulira, ukaikhudza imazizira n'kusiya kupha. Apongozi amenewo, Mulungu awasunge, analinso ndi malamulo a momwe ungasendere nthochi yophikira mbalagha, chakudya chawo cha nthochi ndi nyama, koma zimenezo tizisiye.

Ndinkaiopa. Ndikadandaula kuti m'nyumba muli ana, amuna anga ankangoseka, amvekere ana akowo akuyenda ndi miyendo iwiri chifukwa cha yomweyo. Sankanamanso ayi. Mvuu zinkatidyera mpunga, ndipo madzi akasefukira ng'ona zinkafika mpaka m'nthochi kuseri kwa nyumba. Ng'ona imodzi anaiwombera padooko pomwe tinkachapira, ana anga awiri akuonerera, onse aakazi, wamkulu wa zaka zisanu ndi ziwiri, wamng'ono zitatu.

Chaka chimenecho atapita kukadula laisensi anapezako wapolisi watsopano, wa kumwera, amene anawalangiza kuti mfuti isamakhale pakhoma, iziikidwa m'mwamba pomwe mwana sangafike. Malangizo abwino ndithu. Amuna anga anabwera n'kuisomeka mu udzu wa denga, pamwamba pa nsanja ya m'nyumba yomwe tinkasungirapo mbewu ya mpunga. Ine sanandiuze, poti za mfuti sankauza mkazi. Ndinangoona kuti pakhoma palibe, mtima n'kukhala pansi, ndimati anakaisiya kwa achimwene awo.

Chimene wapolisi wa kumwerayo sakanadziwa n'chakuti ku Kaporo, madzi akabwera, chilichonse chofunika chimakwera pa nsanja. Zofunda, ufa, Baibulo, ndi ana omwe.

Anthu amaganiza kuti madzi osefukira amabwera ndi mabingu. Ayi. Mvula imagwa kumapiri uko, inu kuno dzuwa lili phwee. Tsiku limenelo unali mmawa, ndikupeta pabwalo, ndinangoona nyerere zikukwera khoma mzere umodzi. Kenako mapazi anga ananyowa. Madzi ofiira, oyenda pang'onopang'ono ngati mlendo wodziwa njira. Amuna anga anathamanga kukakusa ng'ombe kupita nazo kumtunda. Ine ndinanyamula ana, kuwakweza pa nsanja pakati pa matumba, n'kuwauza kuti asatsike ngakhale amve ndani akuitana. Ndinatuluka kukatola nkhuku. Panali thadzi lina lamawanga, louma mutu, linandizunguza nkhokwe katatu, ndipo mpaka lero ndimadandaula nthawi imene ndinataya pa nkhuku imeneyo.

Pobwerera, dengu lili pamutu, madzi ali m'mawondo, ndinazindikira kuti mudzi wonse uli zii. Achule osalira, mbalame osalira, ngakhale nkhuku za m'dengumo. Dzuwa likuwala pamadzi, mipando ya eni ake ikuyandama kudutsa pabwalo langa. Ana anganso osamveka, pomwe wamng'onoyo sankatha mphindi osalira.

Nditafika pakhomo ndinamva kaphokoso kouma. Kha. Kenako chete. Kenako kha.

Ndinalowa. M'nyumba munali kamdima, madzi akunyezimira kudenga. Nditakweza maso ndinaona wamng'ono wagona chafufumimba pa thumba, watsegula kukamwa, akuonetsa timano take. Wamkulu wakhala momwe ankakhalira bambo ake padooko, mfuti waitsamiritsa pa thumba lina, kukamwa kwa mfutiyo kwagunda pamphumi pa mng'ono wake. Anali akukoka kachitsulo kapamwamba kotchera mfuti ndi zala zazikulu zonse ziwiri, lilime lili panja.

Anandiyang'ana osachita mantha konse, n'kunena modandaula:

"Amama, ine ndine adada. Koma ng'ona iyi ikukana kufa."

Sindinakuwe. Sindikudziwa amene anandigwira pakamwa. Ndinatsitsa dengu pamadzi n'kulisiya lipite, ndinayenda pang'onopang'ono kuti madzi asachite phokoso, ndikulankhula naye m'Chitumbuka cha kwathu ngati ndikumunyengerera kuti amwe phala. Ndinamufunsa kuti wayesa kangati.

"Kanayi. Tsopano kachisanu."

"Tabweretsa, mama, ndikuonetse pogwira."

Anandipatsa. Inali yolemera kuposa momwe ndinkaganizira, ndiponso yofunda, chifukwa cha dzuwa la padenga kapena manja a mwana, kaya. Ndinaisenza pamutu ngati mtolo wa nkhuni n'kuima nayo panja m'madzimo, kukamwa kwake kutaloza kuminda. Poiika panalibe. Ndinaima choncho mpaka dzuwa linafika pamutu, ana akundiitana m'nyumba.

Amuna anga pobwera anandipeza momwemo. Choyamba chimene anaona n'chakuti mkazi wagwira mfuti, nkhope n'kusintha. Nditawafotokozera anati ndisade nkhawa, wonga uyenera kuti unanyowa, sikanalira ngakhale pang'ono. Ankaisunga yothirathira nyengo ya madzi, kuti ng'ona ikabwera asachedwe. Pofuna kundionetsa kuti palibe choopsa, anailandira, analozetsa ku nthochi ya kuseri, n'kukoka kamodzi.

Inalira. Mbalame zomwe sindinkaziona zinadzuka m'mitengo yonse. Nthochi ija inathyoka pakati n'kugwera m'madzi. Utsi utatha, amuna anga anali ataima kukamwa kuli yasa, ndipo m'nyumba wamng'ono anali akuseka.

Ine ndinkafuna tiiponye mumtsinje tsiku lomwelo. Iwo anati ndapenga. Mfuti yolembedwa ku boma kusowa, ife tili pafupi ndi malire chotere, akanatifunsa kuti taipereka kwa yani, ndipo ofunsidwa mafunso otero ena sankabwerako. Madzi ataphwa anaikulunga m'chiguduli, kuimanga panjinga, n'kukaipereka okha kupolisi.

Apongozi anati sinalire chifukwa dzanja la mwana wamkazi linaiziziritsa. Ndinawafunsa kuti nanga bwanji inalira ine nditaisenza theka la tsiku. A mpingo anati ndi Mulungu, ndipo ine sindikana.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepo. Dzinja lotsatira ng'ona inagwira mwana wa mnansi wathu padooko lomwe lija, masanasana, amayi ake akuchapa. Amuna a m'mudzi anafunafuna masiku awiri ndi mikondo. Amuna anga atabwerako analowa m'nyumba ali chinyowere, anakweza maso kuyang'ana mu udzu pamwamba pa nsanja, kenako anayang'ana ine. Sananene kanthu, tsiku limenelo ngakhale zaka zonse mpaka anamwalira. Inenso sindinanene.

Wamng'ono uja lero ali ndi zidzukulu zake, sakumbukira chilichonse. Wamkulu amati nayenso sakumbukira. Koma tikakhala pamodzi ndimamuona, mng'ono wake akamalankhula samuyang'ana m'maso. Amamuyang'ana pamphumi.