Kabuku kamene agogo anasuta

Ndikakumbukira a Lusiyano, ndimamva kulira kwa motobomba yawo, injini yofiira yopopera madzi imene anakagula ku Cuamba atagulitsa fodya wa chaka chonse: phuphuphu wosalala, kenaka khokhokho ngati wina akugogoda m'kati mwa chitsulo, kenaka zii.

Tinayandikana nawo nyumba ku Ngauma, kumene ndinkaleredwa ndi agogo makolo anga atamwalira. Madimba athu anali ogundana, ndipo chilimwe chimenecho tomato wawo ndi wathu yemwe ankafota, mtsinje utatsikira pansi pa gomo. Agogo msana unali utawakaniza kusenza madzi, choncho nafenso tinkadalira injiniyo.

M'bokosi lake munatuluka kabuku ka Chipwitikizi. A Lusiyano anakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo, Chipwitikizi ankadziwa cha pamsika chokha.

"Injini ndi injini, mayi," anauza agogo. "Tengani aka, mapepala ake ndi ofewa, muzipichirira fodya."

A Lusiyano anathira gazolina, ndiye petulo, n'kukoka chingwe. Madzi anathamanga m'mizere, dothi louma likununkhira, ana tikukuwa, agogo akulululutira. Madziwo asanafike kumapeto kwa dimba, tinamva fungo la chitsulo chopsa, injini n'kuima. A Lusiyano anaimasula, anaimanga, anaimasulanso, mpaka patapita masiku anakatenga makaniko ku Mandimba. Makanikoyo anatsegula kachivundikiro ka m'munsi, napisamo chala. Chinatuluka chouma.

"Buku lake lili kuti, bambo?"

Tonse tinacheukira agogo, amene anali ndi ndudu kukamwa. Ndinathamangira kunyumba kukatenga masamba otsala. Loyamba linalipo, lokhala ndi chithunzi cha kabotolo kakudontheza m'kabowo. Makaniko anawerenga, natimasulira: injiniyi imachoka kufakitale yopanda oliyo, thirani musanailize.

"Mwaiwotcha yamoyo, bambo. Iyi siidzukanso."

Ndudu inagwa kukamwa kwa agogo. "Kalanga ine! Tsamba ili ndimalilumpha dala tsiku ndi tsiku, kukomedwa ndi kachithunzika."

Palibe anaseka. Ine ndinangoyang'anitsitsa kabotoloko, kamene ngakhale wosadziwa kuwerenga akanakamva. Lero ndimakonza njinga zamoto ku Cuamba, ndipo anzanga amandinena kuti ndimachedwa, chifukwa sindigwira sipanala ndisanatsegule buku.

A Lusiyano anakhala pansi nthawi yaitali, manja ali kumutu. Kenaka anadzuka, nalowa m'nyumba mwawo, natuluka ndi ndowa ziwiri.

"Agogo ako asatsike gomoli," anatero.

Anandipatsa ndowa imodzi, n'kutsetserekera kumtsinje osacheuka.