Buku la Nkhondo Limene Ndinasuta

Chinayamba ndi mawu. Unali mwezi wa Juni, kwathu ku Kaseye kukuzizira, amayi tikukonzekera nyimbo za msonkhano wa chipani. Woyambitsa nyimbo ndinali ine, Namsukwa. Ndinati ndikweze, mawu anakana, m'malo mwake chinatuluka chifuwa. Ndinati n'chisanu chabe. Julayi ndikutsokomola, Ogasiti ndikutsokomola, thukuta kunyowetsa mphasa, chitenje kuyamba kundizungulira kawiri. Mu Seputembala ndinalavula magazi.

Ndinkakhala ndekha. Ana anali ku migodi ku Zambia, amuna anga a Kayange anali atatsikira kulichete. Iwowa anali msilikali wa Keyala, nkhondo anakamenya ku Burma, ndipo anandisiyira buku lonenepa la Chingerezi, lolembedwa ndi msilikali wina wa nkhondo yomweyo. Kuwerenga sankatha, ankangoliika pamiyendo n'kumaloza zithunzi. Atapita, ine ndinayamba kung'amba masamba a kumapeto, opanda zithunzi, n'kumapichira chingambwe. Ndikasuta ndinkamva ngati mwini wake wakhala pakhonde. Buku linkaonda, nanenso ndinkaonda.

Mnansi wina anandikweza panjinga mpaka kuchipatala cha ku Boma, khadi la chipani nditamanga pansonga ya chitenje, buku lili m'kathumba. Anayeza makhololo. Adokotala anati, “Agogo, ichi n'chifuwa chachikulu. Mwachedwa, koma chimachizika. Mugona pano miyezi iwiri, jakisoni tsiku lililonse. Fodya muiwale.”

Wodi yathu inali kumapeto, payokha. Kukacha anamwino ankabwera ndi mbale ya majakisoni, lero thako ili, mawa linalo, kenako mapiritsi, kenako phala. Zikatha izi, kudikira. Anzathu anali ndi owadikirira, owaphikira kuseri, owachapira. Ine ndinkayang'ana msewu. Odutsa ankapereka moni ali patali, nsalu ili pamphuno. Ine woimba uja, mawu anangotsala a nkhuku yachitopa.

Pabedi loyandikana ndi langa panagona mayi Malunga, mphunzitsi wochokera ku Mulanje. Nawonso analibe wowaona, kwawo n'kutali. Tinkangopatsana moni basi.

Mu Novembala mvula inagunda ku mapiri a Mafinga. Chifuwa chinali chitachepa, miyendo italimbako. Mtima unati, munda ulima ndani? Ndinamanga katundu kuti ndizembe anamwino akatembenuka. Ambiri ankatero. Ena ankabwereranso atanyamulidwa pamachira, ena osabwerera n'komwe.

Mayi Malunga anaona buku lija pamwamba pa katundu. Anapempha kuliona, n'kuyamba kuwerenga, akumasulira m'Chichewa. Mayo ine! Zaka zonsezi m'nyumba mwanga munali munthu wolankhula, ine osadziwa. Msilikali uja ankasimba za mvula yosakata, misundu yolowa m'nsapato, abulu okana kuwoloka mtsinje, ndi asilikali akuda oimba poyenda. Pamenepo ndinawaona a Kayange, ndithu ndinawaona. Aphunzitsi anatseka buku nati, “Kwina mawa, mukabayitsa.”

Ndinamasula katundu.

Zinakhala choncho. Jakisoni, tsamba. Jakisoni, tsamba. Mvula inkagwa, anthu akudzala, ine ndili m'nkhalango za ku Burma. Kenako msilikali uja anadwala malungo aakulu, anzake anamusiya m'chihema cha odwala, iwo n'kupitirira. Anagona yekha, akumva mfuti zikunka kutali. Aphunzitsi anatembenuza tsamba, anapeza chikuto.

“Agogo, kwinaku kuli kuti?”

“Ndinasuta, mwanangu.”

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, anamwino anachita kubwera. Koma ine sindinaseke. Ndinafunsa ngati munthuyo anachira kapena anafera momwemo. Iwo anati, “Wakufa salemba buku, agogo. Anagona mpaka anachira.”

Sabata yomweyo abale awo anabwera kudzawatenga kuti akamalizire mankhwala kwawo. Sindinamvenso za iwo. Bedi lawo linakhala lopanda munthu, ndipo masiku otsalawo ndiwo anali aatali kuposa onse. Wondiwerengera panalibe. Ndinkangotsegula pa tsamba lomaliza lija, n'kumati, iwe gona uko, ine ndigona kuno, tione amene ayambe kudzuka. Jakisoni sindinaphonye ngakhale mmodzi.

Ananditulutsa Khirisimasi itayandikira. Munda unali thengo, chaka chimenecho ndinadya za anansi. Mapiritsi ndinkakatenga mwezi ndi mwezi mpaka adokotala anati makhololo ayera.

Lero ndili bwino, yewo Chiuta! Ndimalima, ndimasenza nkhuni, kutchalitchi nyimbo ndimayambitsa ndine, ngakhale mawu apamwamba aja sanabwerere onse. Fodya ndinasiya, ndipo theka la buku lili m'bokosi, palibe wolikhudza.

Inu anzanga, chifuwa chikakana kutha musanene kuti n'chisanu monga ndinachitira ine. Pitani msanga akakuyezeni. Akakugonekani, gonani, ngakhale mvula igunde, ngakhale pasakhale wokuonani. Munda mudzaupeza. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 2, zilembo zanga n'zokhota ngati mapazi a nkhuku, koma onani, nanenso ndalemba.