Chisoti cha Mapepala ndi Bala la Pachala

Chizindikiro choyamba chinali m'maso. Loweruka lina kumayambiriro kwa Febuluwale ndinakhala pakhonde la nyumba yathu ku Sinza, mumzinda wa Dar, ndikudula mapepala opangira chisoti, ndipo ndinaona kuti manambala ang'onoang'ono olembedwa m'mphepete mwa zidutswa sakuwerengeka. Sikisi ndi eyiti zinkafanana. Ndinatikita m'maso, ndinasunthira mpando powala, koma sizinasinthe. Ndinangoti ndi kukula, pakuti zaka zanga zinali zitadutsa makumi anayi ndi zisanu.

Ndifotokoze kaye za chisoticho. Ine ndine Esinati, makolo anga anachokera ku Dedza ndili wamng'ono. Ndinagwira ntchito zaka zambiri pakampani ya boma yosindikiza mabuku, mbali yopinda ndi kumata. Boma litayamba kugulitsa makampani ake, ambiri tinauzidwa kuti tikapume, ndipo ndinabwerera kunyumba ndi manja odziwa pepala basi. Amuna anga, bambo a Tamanda, ndi makanika wa malole ku Ubungo. Kumpingo kwathu timachita sewero la Pasaka chaka chilichonse, ndipo iwo amakhala mkulu wa asilikali achiroma. Kwa zaka zingapo ankavala sufuriya, poto wophikira, kumutu, moti akangotulukira anthu ankaseka, ngakhale pamalo ofunika kukhala chete. Iwo sankadandaula, koma ine zinkandipweteka.

Masiku amenewo m'tauni munali mutadzaza katundu wakunja, ndipo mabuku akale ankagulitsidwa pansi m'mbali mwa msewu ngati kaunjika. M'buku lina ndinapezamo patani ya chisoti cha msilikali, yogawidwa m'zidutswa zambiri. Mbali iliyonse ya chidutswa inali ndi nambala, ndipo ntchito inali yomata nambala ndi inzake yofanana nayo. Ndinakakulitsa masambawo pamakina a fotokope, ndinawamata pa makatoni a sopo, n'kuyamba kudula ndi lezala. Chisoti choyamba chinachepa, chinangokhala pamwamba pa makutu awo. Ndinali pa chachiwiri pamene maso anayamba kuvuta.

Panalinso zina zimene sindinazilumikize. Ludzu silinkatha, ndinkamwa madzi ndi juwisi wa nzimbe koma kukhosi kunali gwa. Ndinkapita kukataya madzi pafupipafupi. Siketi zinayamba kukhwepa, ndipo ndikangosesa pabwalo ndinkafuna kugona. Zonsezi ndinkanamizira kutentha, chifukwa aliyense amene anakhalapo mu Dar mwezi wa Febuluwale amadziwa mmene thupi limalefukira.

Pakati pa mweziwo lezala linaterereka pa katoni n'kundicheka chala cha mkombaphala cha kumanzere. Bala lake linali laling'ono, locheperapo kusiyana ndi ambiri amene ndinadzichekapo kuntchito. Ndinalitsuka ndi madzi amchere, ndinamanga kansalu, n'kupitiriza. Sabata inatha lisanatseke. Ndinapita pa kasitolo ka mankhwala, mwa timasitolo tija tinkangotsegulidwa pakona iliyonse, ndinagula makapisozi ochepa, ndipo nditamwa masiku atatu ndinasiya poona ngati ululu wachepa. Sabata yachitatu chala chinatupa mpaka m'chikhatho, nsonga yake inada, ndipo chinayamba kununkha. Ndinkachibisa m'chitenje.

Anandigwira ndi mwana wanga Tamanda, amene panthawiyo ankagwira ntchito mu saluni. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chiswahili. Lolemba m'mawa anandipeza ndikunjenjemera, thupi lili moto, ndipo anamasula kansalu kaja mosandipempha. Anayang'ana kanthawi, kenako anati, “Mama, twende hospitali, sasa hivi.” Ankatanthauza kuti tipite kuchipatala nthawi yomweyo. Ndinayamba kunena kuti tidikire bambo ake, koma iye anali atanditengera kale nsapato.

Kuchipatala chachikulu tinafika cha m'ma eyiti. Tinaima pamzere wa makadi, kenako tinakhala pabenchi mpaka dzuwa linafika pamutu. Namwino atandiona chala anandilowetsa anthu ena asanalowe, anandibaya kunsonga ya chala china n'kudonthezera magazi pa kapepala. Anayang'ana kamakina kake, anandiyang'ana ine, n'kupita kukaitana dokotala.

Dokotalayo anali mayi wamtali, wolankhula pang'onopang'ono. Anandifunsa kuti ludzu linayamba liti, ndipo nditaganiza bwino ndinazindikira kuti linayamba Khirisimasi isanafike.

“Mama, muli ndi kisukari, matenda a shuga,” anatero. “Ndi amene akuletsa balali kupola, ndiponso ndi amene akukuphimbani m'maso. Lero simubwerera kunyumba. Dzanja tiyesetsa kulipulumutsa, koma za chalachi sindikulonjezani.”

Moyo wa m'wodi unali ndi ndondomeko yake. M'mamawa ankatibaya pachala kuti ayeze shuga, kenako jakisoni wa insulini, kenako phala lopanda shuga. Cha m'ma teni madokotala ankazungulira, ndipo akachoka namwino ankabwera ndi kangolo kake kotsukira mabala. Nthawi imeneyo ndinkayang'ana kukhoma. Dzanja lamanja linali ndi diripu, lamanzere linali lomangidwa, choncho ngakhale kumanga duku ankandimanga ndi Tamanda.

Pabedi loyandikana ndi langa panali Bi Mwanaisha, mayi wogulitsa nsomba wa ku Kawe, amenenso anali ndi matenda a shuga. Iwo anaponda munga wa nsomba kugombe, anadikira miyezi itatu akuthira mankhwala azitsamba, ndipo pamene ndinkafika n'kuti atawadula mwendo pansi pa bondo. Tsiku limene anandiuza kuti chala changa chidulidwa polumikizira pachiwiri, ndinalira kwambiri. Chala chimenecho ndi chimene chinkapanikiza pepala lililonse limene ndinapindapo, ndipo ndinkaona kuti ntchito itatha, chimene ndinatsala nacho akundilandanso. Bi Mwanaisha anandisiya ndilire, kenako anangoti, “Dada, mchemwali wanga, lira lero, mawa uyamike. Iwe udzatuluka muno ndi miyendo yako.”

Anandidula tsiku lachisanu ndili m'chipatala. Kutentha thupi kunatsika patapita masiku awiri, ndipo kutupa kwa m'chikhatho kunayamba kuphwa. Dokotala anandiuza kuti ndisathamangire kugula magalasi, chifukwa shuga akakhazikika maso amabwerera pang'onopang'ono.

Bambo a Tamanda ankabwera madzulo aliwonse pa nthawi yoona odwala, atavala ovolosi. Tsiku lina anabwera ndi jumbo, anaiika pabedi mwamanyazi. Munali chisoti chija. Anali atayesa kuchipitiriza okha, ndipo mbali yoteteza tsaya anaimata chadodolido.

“Mayi a Tamanda, ine ndimamvana ndi sipanala, izi zandikanika,” anatero. “Musadandaule nazo, sufuriya ija ilipo.”

Ndinatenga chidutswa chimodzi kuti ndiwaonetse pamene analakwitsa, ndipo ndinapeza kuti nambala yake ndikuiwerenga, ngakhale movutikira. Ndinawauza kuti asiye jumboyo.

Namwino wamkulu anatiletsa lezala m'wodi, koma analola guluu wa muofesi malinga tisadetse zofunda. Choncho Tamanda ankadulira kunyumba zidutswa zotsala n'kubwera nazo. Ine ndinkafunafuna manambala ofanana ndi kupaka guluu ndi dzanja limodzi, koma chomata chimafuna wochipanikiza mpaka chigwire, ndipo ine chala chopanikizira ndinalibe. Bi Mwanaisha anatambasula dzanja osapemphedwa. Anali ndi zala zolimba za munthu wopala nsomba, ndipo ankagwira chidutswa chilichonse akuwerenga chamumtima mpaka makumi asanu. Iwo ndi Msilamu, ndipo atafunsa kuti chisoticho n'chachiyani ndinawafotokozera. Anangogwedeza mutu n'kunena kuti msilikali wovala sufuriya ndi chipongwe kwa mwamuna wamkulu. Masana aliwonse tinkamata zidutswa zitatu kapena zinayi, ndipo odwala a mabedi ena ankafunsa kuti lero tafika pati.

Ndinatuluka patatha milungu iwiri ndi masiku atatu, kutatsala sabata imodzi kuti Pasaka ifike. Asananditulutse anandiphunzitsa kadyedwe, kamwedwe ka mankhwala, ndi kuyang'ana mapazi tsiku lililonse. Bi Mwanaisha ndinawasiya akuyembekezera ndodo zoyendera. Kunyumba tinamaliza chisoti pochikuta ndi nyuzipepala zoviika m'phala la chinangwa, magawo atatu, lililonse liume kaye. Mvula inali itayamba, moti tinkachiumitsa pafupi ndi mbaula. Tinachipaka penti yasiliva, ndipo pamwamba tinaikapo nsonga za tsache latsopano zonyika mu utoto wofiira. Chinapendekeka pang'ono kumanzere, koma chinalowa m'mutu bwinobwino.

Lachisanu la sewerolo ndinakhala pabenchi yakumbuyo, dzanja lili pachifuwa, chifukwa sindinkatha kuima nthawi yaitali. Bambo a Tamanda atatulukira, m'tchalitchi munangoti zii. Analankhula mawu awo mpaka kumapeto, anthu akumvetsera. Potuluka ananyamula chisoticho m'manja awiri mpaka kunyumba, osalola kuti chikwere nawo daladala, minibasi yodzaza anthu.

Patapita mwezi ndinakawaona Bi Mwanaisha ku Kawe. Ndinawapeza pamkeka pakhomo pawo, akugulitsa nsomba zokazinga kwa anthu a m'mudzimo, pakuti kugombe sakanathanso kupita. Tinacheza mpaka madzulo, ndipo tinkayenderana kufikira pamene anamwalira patapita zaka zinayi, matenda omwewo atagwira impso.

Ine ndikadali moyo, ndipo ndili bwino. Jakisoni anandisiyitsa, ndimamwa mapiritsi m'mawa ndi madzulo, ndipo ku kiliniki sindijomba. Tiyi wopanda shuga ndinamuzolowera, ngakhale chaka choyamba ndinkamumwa ndikukwiya. Magalasi ndinadzagula pambuyo pake, owerengera okha. Ntchito ya mapepala sindinaisiye, masukulu ndi mipingo ina amandipempha zisoti ndi zishango za masewero awo, ndipo chala chapakati chinaphunzira kupanikiza. Ndimadula ndi mpeni wokhala ndi chigwiriro, pathabwa, nthawi ya masana.

Kwa inu amene mukuwerenga, ndikupempheni chinthu chimodzi. Ludzu losatha, kuonda kosadziwika chifukwa chake, maso ochita chifunga, kapena bala limene latha sabata lisanapole, musazinamizire dzuwa kapena ukalamba, ndipo musathere pa kasitolo ka mankhwala. Kuyezetsa shuga ndi dontho limodzi la magazi. Ine ndinadikira milungu itatu ndipo ndinataya theka la chala. Mnzanga wa ku Kawe anadikira miyezi itatu.