Nyali ya a Diao Mulin

Mudzi wathu wonse ndi wa mfunda wa Lai, kuyambira pamlatho mpaka kuminda ya tiyi. Wa mfunda wina anali mmodzi yekha, a Diao Mulin, oluka nyali za nsungwi ndi pepala. Anabwera ali mnyamata, kathumba kali paphewa, kudzalowa chikamwini kwa mkulu wina amene anabereka atsikana okhaokha. Kuno mwamuna salowa chikamwini pokhapokha umphawi utamufika pakhosi, chifukwa ana ake amatenga mfunda wa mkazi. Apongozi awo anawalonjeza pamaso pa anthu kuti, "Mwana wamwamuna woyamba ndi wathu. Wachiwiri adzakhala wako."

Chaka chatsopano chikalowa, mwana wamwamuna aliyense wobadwa m'chaka chathacho timamupachikira nyali pamtanda wa denga m'nyumba ya makolo, mfunda wake utalembedwa pamenepo, kuti akufa amudziwe. Nyali zonsezo ankaluka ndi a Mulin. Paphwando la nyalizo, mowa wampunga ukayamba kuyenda, achinyamata sankawasiya.

"A Diao, dzanja lanulo lalemba Lai mpaka lapindika. Wanu mfunda mukuukumbuka koma?"

"Choka apa iwe! Inu a Lai mungochuluka ngati nyerere. Ife tinachokera kumpoto, tinawoloka mitsinje imene iwe sunaionepo. Bambo ankati m'makolo mwathu munali woweruza milandu wamkulu."

"Nanga pano mwatsala angati?"

"Kwa bambo anga ndatsala ine."

Ankaseka nawo limodzi, koma mumtima zinkawapweteka kwambiri. Azichimwene awo awiri anafa ndi njala asanakwatire, ndiye mzere wonse unatsamira pa iwo.

Mkazi wawo, a Yuemei, anawaberekera Jiahe, nyali yake n'kulembedwa Lai monga mwa pangano. Asanaonenso wina, linabwera lamulo loletsa kubereka ana ambiri. Kalanga ine, pangano lija linangofera m'mazira! A Yuemei anamwalira akupepesa, ngati kuti lamulolo analipanga ndi iwo.

Jiahe anakula, n'kupita kukagwira ntchito kumzinda wa Guangzhou, n'kukwatira komweko. Mwana wake woyamba anali Lai. Lamulo lija litafewa, Jiahe anauza bambo ake kuti, "Bambo, wotsatirayo akadzakhala wamwamuna, ndi wanu." Ndipo anabadwadi wamwamuna.

Ukanawaona a Mulin masiku amenewo! Munthu wa imvi mbuu, msana wopindika, koma akuyenda ngati mnyamata. Nsungwi za nyali ya mdzukuluyo anakadula okha kuphiri, anakana zogula. Analemba Diao pa pepala lofiira pang'onopang'ono, misozi ili mbwembwembwe.

Akuluakulu a mudzi anakana kuti nyaliyo ipachikidwe m'nyumba ya makolo. "A Mulin, mwakhala nafe bwino, sitikutsutsa. Koma mtanda uwu ndi wa a Lai. Makolo athu akaona dzina lachilendo adzati chiyani?" Ine ndimati inali nkhanza, munthu woti wawalukira nyali moyo wake wonse. A Mulin sanakangane nawo. Anakulunga nyaliyo m'nsalu n'kukwera basi yopita kumapiri, kumudzi kwa bambo awo, kumene sanapondeko chikwatirireni.

Anapeza nyumba ya makolo a Diao denga litagwa mbali imodzi, m'kati muli abakha. A mfunda wawo onse anabalalika kale, ena kumizinda, ena kutsidya kwa nyanja. Mtanda wokha unalipo. Akufunafuna chokwerapo, foni inalira m'thumba. Anali Jiahe.

"Bambo, musandikwiyire. Apongozi anga akana. Akuti iwonso mwana wawo ndi mmodzi yekhayu, wamkazi. Akuti woyamba tinatenga ife, wachiwiri ndi wawo. Tamulembetsa kale, mfunda wake ndi Zou."

A Mulin anakhala pansi pa mwala. Akanati chiyani? Kulira kwa munthu wopanda womusiyira dzina ankakudziwa kuposa aliyense.

"Bambo, mulipo?"

"Ndilipo, mwana wanga. Mwanayo akuyamwa bwino?"

"Akuyamwa."

"Basi. Uwauze apongozi akowo kuti nyali yawo ndidzawalukira ine."

Atadula foni anaika nyali ija pamiyendo. Kenako anatulukira mayi wina atanyamula ndowa ya chakudya cha abakha. Anali wobwera, sankadziwa aliyense wakale. Anawayang'ana mokayikira.

"Agogo, mukufuna ndani pano?"

"Palibe, mayi. Ndimangopuma."

"Ndinu a kwa ndani?"

 A Mulin anayang'ana mtanda uja, n'kuyang'ana abakha.

"Ndine wa kwa a Lai," anatero. "Basi yobwerera imaima pati?"